Thanga la Gervazio pa Bulugamu

Kugombe,
P.A. Mtakataka,
4 Febuluwale 1975

Okondedwa achemwali a Clotilda,

Choyamba ndifunse za moyo wanu, wa alamu a Stefano ndi wa amayi. Bondo lawo lija likuwalola kupita kudimba? Ine ndili bwino, kungoti kutentha kwa kuno si kwa munthu wobadwira ku Kabwazi. Mukapeza wobwera kuno munditumizireko kachewere, ndatopa ndi chinangwa.

Tsopano khalani pansi. Mishoni yathu yapeza boti. Si latsopano ayi. Linali la mzungu wina wa esiteti amene anabwerera kwawo n'kulisiya pamchenga zaka zitatu, nkhuku zikuikiramo mazira. Abambo Rafaelo, ansembe athu, alimata ndi kulipaka penti, ndipo likuyandama. Lilibe injini. Limayenda ndi mphepo, pa chinsalu cha makona atatu chotchedwa thanga. Thangalo timalikweza ndi chingwe pa mlongoti, ndipo m'munsi mwake limagwira pa mtanda wogona.

Ntchito ya botili ndi kupereka bokosi la mankhwala ndi makalata ku midzi itatu ya kutsidya, kumene msewu umafa mvula ikangoyamba. Ine ndapempha kuti ndiziliyendetsa. Ntchito yanga yolemba mayina a odwala ikutha mu Meyi, pakuti kukubwera asisitere odziwa zonse. Chiwongolero ndachizolowera kale, a Alufeo, msodzi wachikulire wa pano, ndi amene akundiphunzitsa.

Vuto mukulidziwa. Mgodi wa ku Joni unandibweza ndi zala ziwiri ku dzanja lamanzere, nazonso zosapinda. Abambo anandiuza mosabisa kuti: "Gervazio, kukweza thanga aliyense akweza. Koma mphepo ya mwera ikadzuka uli pakati pa madzi, uyenera kulichepetsa msanga, apo ayi boti ligudubuka. Sabata ya Pentekoste undionetse kuti ungathe wekha. Ukalephera ndikupatsa kalata yabwino ndi tikiti ya basi."

Njira zochepetsera thanga zilipo zitatu, ndipo pano aliyense akukokera kwake. Abambo akufuna ya mzungu uja: umazunguza handulo, thanga n'kumadzikulunga pa mtanda. Koma mano a chitsulo chake anadyeka, ndipo umayenera kuimirira, dzanja lina pa handulo, lina pa chingwe. A Alufeo akuti zimenezo n'zachibwana, iwo amadziwa ya makolo: kutsitsa thanga pang'ono n'kulimanga ndi tizingwe khumi, mfundo iliyonse payokha. Yachitatu ndinaiona m'buku la Abambo. Amasokera mphete zachitsulo pa thanga, zingwe n'kudutsamo kubwera pamene munthu wakhala, ndipo mbali zonse ziwiri pamakhala zingwe zina zowakha nsalu ikamatsika. Ine mtima uli pa imeneyi, koma kuno palibe makina oboola nsalu yolimba chonchi.

Ndiye ndakumbukira makina anu osokera malona a malole. Thanga ndalipereka kwa a Ezara, oyendetsa lole ya usipa, alitula kwanu akamachokera ku msika wa Linthipe. Mphete ndi zojambula zili m'thumba momwemo. Lilipo limodzi lokhali padziko lonse, chonde lisamaleni.

Ndine mlongo wanu,
Gervazio

Kabwazi,
19 Febuluwale 1975

Gervazio mlongo wanga,

Kalata yako yafika, chithumba chako chafikanso, ndipo nyumba yonse ikununkha usipa. Amphaka a mudzi wonse akuchita msonkhano pakhonde panga. Ife tili bwino. Alamu ako akuphunzitsabe Sitandade 5, chimanga chamasula, bondo la amayi likumvera mafuta a kwa asisitere. Kachewere ndapereka kwa a Ezara, ukawerenge, chifukwa bambo amene uja maso ake sindinawakonde.

Koma iwe Gervazio! Iwe yemwe unkalira powoloka Linthipe madzi ali m'mawondo, ine n'kukubereka kumbuyo uli ndi zaka zisanu ndi zitatu, lero wasanduka mwini nyanja? Ndinaseka mpaka ndinadzibaya ndi singano.

Amayi sanaseke. Nditafika pa mawu akuti boti ligudubuka anati ndibwereze, ndinabwereza. Kenako anati, "Mgodi unadya zala, nyanja idzadya yense." Tsiku limenelo sanapite kudimba.

Tamvera. M'mimba mwathu mwamuna ndiwe wekha, mwini mbumba ndiwe. Anjelina wanga wakula, anyamata a kwaya ayamba kuimba mokweza akamadutsa pano. Anthu akabwera kudzafunsa malume ake ndiziwalozera m'madzi? Kuno palibe akukuthamangitsa. Munda ulipo, tikulimira. Chakudya chilipo, tikuphikira. Iwe wako ndi mpando basi. Chala chimodzi sichiswa nsabwe, mlongo wanga. Ndaona kuti mwambiwu sindikanaulemba kwa iwe, koma ndalemba kale ndipo pepala ndi lodula.

Tsopano za nsalu yakoyi. Tinaiyala pabwalo, mudzi wonse unabwera. Amayi a gulu la Legio la kutchalitchi ayamba kale kuiyeza ndi mikono, akuti mungatuluke madiresi asanu ndi awiri a ubatizo wa Pasaka. Ndawathamangitsa. Koma amene anaisoka ndikanakhala mphunzitsi wake ndikanamubweza ku mipango. Sigona pansi! Pakati yatuluka mimba, mbali ina yakhota ngati chikwakwa. Zaka khumi ndi zisanu ndikusoka, sindingalole chinthu chotere chituluke pakhomo panga anthu n'kumati ndi ntchito ya Clotilda. Ndisanaike mphete zako ndiyamba ndaidula ndi kuiwongola, igone bwinobwino ngati nsalu ya paguwa.

Kusoka ndikusokera, usadandaule. Mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere, imfotere m'manja.

Mlongo wako,
Clotilda

Kugombe,
26 Febuluwale 1975

ACHEMWALI, MUSADULE!

Pepani, muli bwanji nonse? Ine ndinali bwino mpaka lero m'mawa.

Musadule, musawongole, musasite. Sizasi yanu muikwirire kumunda. Mimba imeneyo si kulakwitsa, anaisoka dala. Ndi mmene mumakhala mphepo. Thanga logona bwinobwino silikoka boti, limangopupuma ngati chochapa pa chingwe. Nditawawerengera a Alufeo kalata yanu anakhala pansi pamchenga manja ali kumutu, ndipo mpaka pano sanadye.

Kalatayi ndathamanga nayo ndekha ku positi ku Mtakataka, pa njinga yobwereka. Ndikupemphera kuti ikupezeni musanayambe. Mundiyankhe tsiku lomwelo, ngakhale mawu awiri okha.

Za Anjelina musade nkhawa. Basi ilipo, ofunsira akabwera mudzandiitane, ndidzafika nditavala jekete. Umalume sufuna kuti munthu azikhala pampando chaka chonse.

Kachewere wafika, ngakhale thumba lake likuoneka kuti linaonda m'njira. Za chala ndi nsabwe ndawerenga. Ndinaseka, kenako ndinazindikira kuti sindikuseka.

Gervazio

Kugombe,
12 Epulo 1975

Okondedwa alamu a Stefano,

Moni wa Pasaka, ngakhale wachedwa. Sukulu ikuyenda? Amayi ali bwanji? Ndikufunsa inu chifukwa akazi anu ndawalembera makalata atatu, ndipo kuchokera ku Kabwazi kuli zii.

A Ezara anadutsa kwanu sabata yatha. Akuti atafunsa za thanga, achemwali anangoti "sizinapse" n'kuwapatsa kabichi. Akutinso anakuonani inuyo dzanja lamanzere lili lomanga nsanza, mukutsimphina. Mwatani, alamu?

Kuno zinthu zaima. Boti lili pamchenga, nkhuku zabwereramo. Abambo analembera ku Durban za chitsulo cha handulo chija, yankho kulibe. A Alufeo akundiphunzitsa kumanga mfundo ndi dzanja limodzi ndi mano. Mfundo imodzi imanditengera nthawi yonena Atate Athu kawiri, ndipo dzino lina lakutsogolo labenthuka. Pentekoste yatsala masabata asanu.

Ndagona ndi nkhaniyi ndipo ndikuona ziwiri. Kapena achemwali analidula thanga ndipo akuchita manyazi. Kapena sanalidule, angolikhalira dala mpaka tsiku lidutse, kuti ndibwere kwathu ndi tikiti ya Abambo. Ndikuwadziwa. Ngati ndi choncho muwauze kuti boti andilanda, koma ku Kabwazi sadzandiona. Ndikapempha ulonda ku Salima.

Ndikuuzeni ngati mwamuna mnzanga, ndipo kalatayi musawaonetse. Miyezi isanu ndi itatu ija ndinakhala kwanu nditachoka ku Joni inandipweteka kuposa mwala umene unandiphwanya. Ndikagwira khasu, wina walanda. Ndikafuna kumanga batani, wina wafika kale. Tsiku lina kunabwera alendo a ku Mphunzi, achemwali anandisambitsa m'manja pamaso pawo n'kundiduliradulira nyama, ine bambo wa zaka makumi atatu. Ndinadya ndikumwetulira. Ankachita mwachikondi, ndikudziwa, n'chifukwa chake ndinalibe poyambira kukana. Pa boti paja palibe wondigwira pachigongono. Ndikufuna ntchito imeneyi, alamu, ndikuifuna ndi mtima wonse.

Ngati thanga lilipo, ngakhale losasoka, lipatseni a Ezara.

Mlamu wanu,
Gervazio

Kabwazi,
26 Epulo 1975

Okondedwa alamu,

Ndalandira yanu ya pa 12 mwezi uno. Tonse tili moyo, ngakhale ine ndili moyo pang'ono chabe, pa zifukwa zimene ndifotokoze m'munsimu.

Poyamba mtima ukhale pansi. Thanga silinadulidwe. Kalata yanu ya zilembo zikuluzikulu inafika sizasi itanoledwa kale, msoko umodzi atausomola kutalika kwa chikhatho. Anaubwezera, ndipo akuti tsopano ndi pamene pali polimba kuposa pena paliponse.

Mwafunsa za dzanja langa. Alamu, ine ndine mkamwini, pamudzi pano ndimalankhula tambala akamaliza. Lachiwiri la Pasaka alongo anu anandiitana kuseri kwa nyumba, pa bulugamu wamtali uja. Anati, "Sindingasokere dzanja limene sindikulidziwa. Bweretsani lanulo." Anandimanga zala zitatu ndi nsanza, ziwiri zotsalazo n'kuzimangirira ku timitengo kuti zisapinde. Bulugamu tinamusadza nthambi kukhala mlongoti. Kawilo kodutsa chingwe tinachotsa ku njinga yanga. Boti ndi benchi ya kukhitchini. Mphepo ndiye sitinagule, mukudziwa mmene imawombera paphiri pano mvula ikamatha.

Tinayamba ndi njira ya a Alufeo, ya tizingwe. Ndinamanga mfundo ziwiri. Pa yachitatu thanga linandiwomba mbama, magalasi anga anakapezeka m'kabichi. Alongo anu anali chiimire ndi wotchi yanga m'manja, ndipo anangoti, "Mwamira. Tiyambirenso." Tsiku limenelo ndinamira kasanu ndi kawiri.

Njira ya Abambo, ya handulo, tinaiyesa ndi pedulo ya njinga yomweyo, moti kusukulu ndikupita wapansi. Muwauze Abambo mwaulemu kuti njira yawo ndi yabwino kwa munthu wa manja atatu. Ndinaimirira kuti ndizunguze, mtanda unandipeza pakhutu, ndinagwa m'boti n'kutera pa mpanda wa nkhumba. Kutsimphina kumene anaona a Ezara kunachokera pamenepo.

Sabata yachiwiri tinalandira alendo olemekezeka atatu a bulanchi yathu ya chipani. Anamva kuti kwa aphunzitsi kukukwezedwa mbendera yoyera yosadziwika, yooneka mpaka kumsewu. Anayamba ndi kufunsa makhadi a chipani. Makhadi tinaonetsa, onse anali bwino. Alongo anu anawayalira mphasa, nawafotokozera za odwala a kutsidya, kenako anafunsa atcheyamani ngati iwo, pokhala munthu wamphamvu, angathe pamene aphunzitsi alephera. Pasanathe nthawi atcheyamani anali pa benchi dzanja lili lomanga. Anamira katatu. Anachoka akuseka, ndipo atibwereka chingwe cha ng'ombe zawo.

Njira ya m'buku ndi imene ikulonjeza. Nsalu ikutsika n'kugwera m'zingwe zake, munthu ali chikhalire. Chotsala n'chakuti chingwe chikamakoka mwamphamvu, dzanja limodzi silingachigwire ndi kuchimanga nthawi imodzi, kwinaku chiwongolero chikufunanso mwini wake. Pamenepo ndi pamene tinali kalata yanu ikufika.

Munati ndisawaonetse. Alamu, pakhomo pano kalata imafika kwa ine itawerengedwa kale. Yanuyinso anaiwerenga. M'mawa mwake anandimasula, nandiuza kuti ndiwamange iwo. Lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi. Akuphika, akutunga madzi, akuvala ndi dzanja limodzi, ndipo samasula ngakhale popita ku Misa. Mbale zasweka zitatu. Wofuna kuwathandiza akumulalatira.

Ndinawafunsa chifukwa chimene sakukulemberani. Akuti salemba kalata chinthu chisanatheke. Ine ndalemba iyi kusukulu, nthawi yopuma.

Mlamu wanu womira kawirikawiri,
Stefano

Kabwazi,
6 Meyi 1975

Gervazio,

Tili bwino. Thanga lako ili. A Ezara ndawauza kuti likafika ndi banga ngakhale limodzi la usipa, asadzadutsenso pa Kabwazi masana.

Ndiyambe ndi zochititsa manyazi, zichoke. Unaganiza bwino. Mwezi wonse wa Malichi thanga linali pansi pa bedi. Ndinkati ndatanganidwa ndi madiresi a ubatizo, koma ndinkawerenga masiku kuti Pentekoste idutse. Chimene chinandidzutsa ndi mutu wakowo. Ndinati, ameneyu ndikamumana ili akabwereka chinsanza china n'kulowa nacho m'madzi. Bola amire ndi ntchito yanga, kapena asamire n'komwe.

Ndakusankhira njira ya m'buku. Handulo uitaye, tizingwe uwabwezere a Alufeo. Koma bukulo analemba munthu wa zala khumi, ndiye ndawonjeza zanga. Tamvera bwino, usandiyankhe usanamalize.

Mphete ndasoka mizere iwiri, iliyonse pa chigamba cha lona. Chingwe chokweza thanga ndachikulunga ulusi wakuda, chochepetsera ndachikulunga wofiira. Zonse zibwere pamene umakhala, usaimirire. M'thumbamo muli mphanda ziwiri za muwanga, asema alamu ako, uzikhomere pambali pa mpando. Pa zingwezo ndamangiratu mfundo pamalo ake. Iwe sumanga kanthu. Umangokoka, mfundo n'kuikoleka pa mphanda, basi. Mwera ukadzuka, masula chakuda mpaka mfundo yotsatira, koka chofiira mpaka mfundo yake. Ukakula, bwereza. Chiwongolero uchipanire m'khwapa.

Chachikulu ndi ichi. Pamwamba pa mfundo iliyonse ndapinda chingwe n'kusoka polowetsa mkono, ndakutira ndi chikopa kuti pasakucheke. Kokera ndi wamanzere. Inde, wamanzerewo. Ndinazitulukira kuchitsime pa tsiku langa lachinayi la dzanja lomanga, ndowa itandikana. Ndinaikoleka pamkono mwaukali, ndipo inabwera yodzaza. Ndinaima pomwepo ngati chitsiru. Zala ndi zimene zinatsala ku Joni, mkono unabwera nawo wamphumphu. Ndi ife tinauika m'manda.

Pa bulugamu ndikuchepetsa thanga ndisanamalize Tikuoneni Maria mmodzi. Alamu ako amafuna awiri, koma iwo ndi aphunzitsi.

Kalata yako ya kwa alamu ndinawerenga, ndipo sindipepesa powerenga. Ndinakwiya. Ndinati mwana wosayamika. Ndiye Lamulungu lina duku linandivuta, Anjelina anabwera kumbuyo mwakachetechete n'kundimangira, amayi a Legio akuona. Gervazio, ndinafuna kumuluma. Mwana wanga yemwe, wondichitira zabwino! M'tchalitchi sindinamve ulaliki, ndinkangoona beseni lija ndi alendo a ku Mphunzi. Ine masabata atatu okha, podziwa kuti ndidzamasula. Pepa, mlongo wanga. Ndinakulakwira kwambiri.

Mantha sanandichoke. Ndikuopabe madzi amenewo, ndipo amayi sindinawauze kuti thanga lapita. Koma pita ukawaonetse Abambowo.

Clotilda

Kugombe,
23 Meyi 1975

Okondedwa achemwali,

Muli bwanji nonse? Khutu la alamu latsika? Ine ndili bwino, ndipo ndikulemba ndikuseka ndekha, moti asisitere atsopano akundiyang'ana.

Thanga linafika pa 9, loyera ngati la ubatizo. A Alufeo analizungulira katatu, anakoka mphete iliyonse ndi mphamvu zawo zonse kuti aipeze chifukwa, kenako anafunsa ngati muli pabanja. Mphanda ndinakhoma ndekha. Masiku khumi ndinayeserera pafupi ndi gombe.

Lachiwiri m'mawa mwera unadzuka, weniweni, wa thovu pamwamba pa mafunde. Asodzi onse anakokera mabwato kumtunda. Abambo anati, "Lero ndi lero." Analowa m'boti, anakhalira manja awo, nati sawatulutsa pokhapokha tikamamira.

Tinatuluka bwino. Titapitirira miyala ya kumwera mphepo inatimenya kuchokera pambali, boti linapendekeka mpaka madzi anayamba kulowa. Achemwali, ndinaopa. Pakamwa panatseguka pokha kuti ndiitane munthu. Ndinapanira chiwongolero m'khwapa, ndinamasula chakuda. Ndikukoka chofiira, funde linandigwetsa pampando, mfundo inaphonya mphanda, chingwe chinathawa m'dzanja lamanja. Koma wamanzere unali kale m'malo mwake muja. Unagwira. Ndinakoka nawo, ndinakoleka, thanga linakhala pansi m'zingwe zake, boti linadzuka. Patapita nthawi ndinachepetsanso kachiwiri, popanda vuto, mongowaonetsa.

Abambo manja anawatulutsa kamodzi kokha, pogwira m'mphepete kuti asanze. Titafika kumtunda anakhala pamchenga nthawi yaitali, nkhope ili ngati ufa. Kenako anati, "Bokosi la mankhwala limanyamuka Lachinayi."

Dzulo ndiye linali Lachinayi. Ndapita ndekha midzi yonse itatu ndipo ndabwerako dzuwa likadalipo. Kumudzi womaliza ndinanyamula mayi wina ndi mwana wotentha thupi, ali pano akulandira jakisoni. Potsika mayiyo anandipatsa mwana kuti ndimugwirire, osayang'ana n'komwe dzanja langa.

Pepani pa zimene ndinakuganizirani, ngakhale theka lake linali loona. Za beseni zatha. Ndilibe mawu okuthokozerani. Amayi muwauze bwinobwino, mwa njira yanu.

Mlongo wanu,
Gervazio

Kabwazi,
2 Juni 1975

Gervazio,

Tili bwino. Khutu latsika, njinga yabwerera m'malo mwake, a Alufeo uwauze kuti achedwa ndi zaka makumi awiri.

Kalata yako ndinaiwerenga kuseri kwa khola, kawiri. Ndinalulutira mpaka nkhumba zinadzidzimuka, kenako ndinalira. Ndasoka ndi manja anga chinthu chokuchotsa pakhomo pano, ndipo ndasoka bwino, sichidzasomoka. Ndikunyada nawe, koma ndakusowa, ndipo ndizikusowabe.

Amayi ndinalibe njira ina, ndinangowawerengera yonse, ndi za funde zomwe. Anamvetsera akusenda nyemba. Nditamaliza anafunsa chimodzi: "Nanga abwera liti?"

Ndinati, "Kudzakhala, sabwera, amayi. Wapeza ntchito yake."

Anasendabe nyemba mpaka lichero linadzaza. Ine ndinkadikira mkuntho. Kenako anadzikung'untha pamiyendo nati, "Lole ya a Ezara ija ili ndi mpando kutsogolo?"

Ndinawakumbutsa za bondo, za kutentha, ndi kuti chibadwire sanaonepo madzi oposa a padambo. Anati mwana wawo anamuona akubwera pa machira atavulala ku mgodi, tsopano akufuna amuone akugwira ntchito, ndipo sakaonera pamtunda ngati mlendo.

Tikunyamuka Loweruka. Thamangitsa nkhukuzo, tsuka botilo, ndipo upeze kampando kolimba. Amayi akukwera.

Mlongo wako,
Clotilda